Za Mphungu Yothyola Mlomo Wace

Mwezi wathawu tinali pa maliro m'mudzi wina wa kwathu kuno ku Nsipe, pafupi ndi mseu waukuru wocokera ku Ncheu kunka ku Balaka. Womwalirayo anali nkhalamba yodziwika, ndipo anthu anasonkhana ocuruka, a mipingo yosiyanasiyana, pamodzi ndi ena osapemphera konse. Itakwana nthawi ya mau, panaimirira mlaliki wina mlendo, munthu wa pakamwa pokoma. Dzina lace sindilichula pano, pakuti mlandu wanga suli ndi iye, koma ndi nkhani imene anatipatsa.

Iye anati mphungu ikhala ndi moyo zaka 70. Koma ikafika zaka 40, mlomo wace upindika kotero kuti singathenso kung'amba nyama, zikhadabo zace zifooka, ndi nthenga zace zilemera. Pamenepo, anatero mlalikiyo, mbalameyo isankha pakati pa ziwiri: kufa, kapena kumva zowawa. Ikasankha moyo iulukira pamwamba pa phiri, nimenyetsa mlomo wace pathanthwe kufikira utathyoka. Ilindira kuti uphuke wina. Ndi watsopanowo izula zikhadabo zace, ndipo pambuyo pace ithothola nthenga zace zonse. Atapita masiku 150 iulukanso iri yatsopano, nikhala ndi moyo zaka zina 30. Momwemo nafenso, anati, tithyole makhalidwe athu akale, ngakhale kupweteke, kuti tikhale anthu atsopano.

Anthu anabvomereza ndi Amen wamkuru, ndipo ndisaname, inenso mtima wanga unatekeseka. Koma pambali panga panakhala mkuru wina, amene pa unyamata wace anali mlenje ku mapiri a Mvai. Iyeyu anandikodola, nanong'ona kuti, "Aphunzitsi, nanga mbalame imeneyo idya ciani miyezi isanu yonseyo?" Ndinasowa comuyankha, ndipo ndinangoyang'ana pansi.

Zikanathera pomwepo sindikanalemba kanthu. Koma Lolemba lace, titatha phunziro la Malembo, mnyamata wina wa m'kalasi mwanga anatsalira anzace ataturuka, nati, "Aphunzitsi, akuru anga a ku sekondale awerenga kuti za mphungu zija nzabodza. Tsono zinanso zimene atiuza pa maliro ndi m'mapemphero, tidzadziwa bwanji kuti nzoona?" Mwanayo sanafunse mwacipongwe iai; nkhope yace inali ya munthu amene wapeza nsabwe m'cobvala catsopano, ndipo ayamba kukaikira zobvala zonse za m'nyumba. Funso lace ndilo landigwiritsa colembera.

Ndisanaitsutse nkhaniyi ndiyenera kuiyamika pamene iyenera, pakuti woweruza womva mbali imodzi saweruza bwino. Amene anaipeka anali mmisiri. Taonani umo anaimangira: anayamba ndi ukalamba, umene tonse tiuopa, napitirira ku zowawa, zimene tonse tizidziwa, natsiriza ndi kuuluka, kumene tonse tikukhumba. Ndiponso anaikometsa ndi mawerengero, ndipo munthu akamva mawerengero ayesa kuti wina anakhala pansi nawerengadi. Koma yang'anitsitsani mawerengerowo. Zaka 40 ndizo zija za ana a Israyeli m'cipululu. Zaka 70 ndizo zimene Salmo la 90 liyesa nazo moyo wa munthu. Masiku 150 ndiwo amene madzi a cigumula anakhala osaphwa nthawi ya Nowa. Onse atatu ali m'makutu mwathu ciyambire ubwana, ndipo cifukwa cace tiwalandira monga tilandira mlendo wa nkhope yofanana ndi ya mbale wathu, osamfunsa kumene acokera. Ine ndiyesa kuti sanawerengedwe pa mbalame. Anabwerekedwa m'Buku, nabvekedwa mbalame.

Tsono tiyeni kwa mbalame yeniyeniyo. Mlomo wa mbalame uli ndi pfupa m'kati, ndi mitsempha ya mwazi. Kunja kwace kuli cikamba conga zikhadabo zathu, cimene cikula pang'ono pang'ono masiku onse, nicitha pang'ono pang'ono pa kudya ndi pa kunola. Mai ali yense woweta nkhuku waona nkhuku irikupukuta mlomo pansi, uku ndi uku, itatha kudya. Kupindika kwa mlomo wa mphungu sikudza ndi ukalamba. Iswedwa nao wopindika kale, pakuti ndiwo mpeni wace. Ukathyoka kufikira pfupa suphukanso monga cimanga codyedwa ndi mbuzi, ndipo mbalameyo ifa ndi njala. Nthenga zisinthikadi, ndipo pamenepa ndipo pali kambeu ka coonadi kamene nkhani yonseyi inamerapo. Koma zithothoka pang'ono pang'ono, imodzi kuno, ina uko, kuti mwini wace asaleke kuuluka ngakhale tsiku limodzi. Ndipo pa ziombankhanga zazikuru kusinthako kutenga zaka ziwiri kapena zitatu kusanathe. Mphungu yamarisece pamwamba pa phiri la Dedza mwezi wa June sikanatha sabata.

Nanga zaka zace? Ku America anabveka mphete pa mwendo wa mwana wa mphungu m'caka ca 1977. Mbalameyo inapezeka m'caka ca 2015 m'dera la New York, itagundidwa ndi galimoto, iri ndi zaka 38. Ndipo oyang'anira nyama a kumeneko anati mwa zonse za mtundu wace zobvekedwa mphete, imeneyo ndiyo inakhalitsa koposa. Pambali pace panali kalulu amene inali itangogwira kumene. Nkhalamba imeneyo inafa irikusaka, mlomo ndi zikhadabo ziri zakuthwa, isanafike ngakhale pa zaka 40 zija.

Musayese kuti nkhaniyi njatsopano cifukwa masiku ano iyenda pa lamya za m'manja ndi pa wailesi. Makolo ace ngakale ndithu. Pakati pa zaka za 100 ndi 400 munthu wina, amene ambiri ayesa kuti anali wa ku Alexandria m'dziko la Aigupto, analemba m'Cigriki kabuku kochedwa Physiologus, ndimo anasonkhanitsa nkhani za nyama, iri yonse ndi tanthauzo lace la Cikristu. M'menemo mphungu yokalamba iulukira kudzuwa kukatentha nthenga zace, nimira katatu m'kasupe, niturukamo yatsopano: ndiwo ubatizo. Bvuwo aukitsa ana ace akufa ndi mwazi wa m'thupi mwace: ndiwo mtanda. Ana a mkango abadwa akufa, ndipo atate wao awauzira mpweya tsiku lacitatu: ndiko kuuka kwa Ambuye. Kabukuko kanamasuliridwa m'Cilatini, m'cinenero ca ku Ethiopia ndi m'zinenero zina zambiri, ndipo kanawerengedwa zaka zoposa 1,000. Za kumenyetsa mlomo pathanthwe tizipeza kwa Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, amene anamwalira m'caka ca 430. Pomasulira Salmo limene ife tiliwerenga la 103, iye anafotokoza kuti mlomo wa mphungu yokalamba ukula kufikira kutseka pakamwa, ndipo iuswa pamwala. Mwalawo, anati, ndiye Kristu.

Akuru amenewo sindiwaimba mlandu waukuru. Analibe magalasi oonera patali, sanabveke mbalame mphete, ndipo ananena zimene ophunzira a nthawi yao anaziyesa zoona. Koma cimene cinali kusadziwa kwa iwo cisanduka ulesi kwa ife, amene tikhoza kufunsa ndi kuyankhidwa tsiku lomwelo. Safunsa anadya phula.

Wina adzati, Nanga Ambuye mwini sanapeke nkhani kodi? Mwana wolowerera uja anali wa mudzi uti? Ndipo m'buku la Oweruza mitengo siyankhulana za kulonga mfumu kodi? Indetu, ndipo nafenso tinaleredwa ndi nthano za Kalulu ndi Fisi, zimene zinatiphunzitsa zambiri. Koma nthano siibisa kuti ndi nthano. Agogo akati "Padangokhala," ndi ana nkuyankha "Tiri tonse," onse adziwa kuti alowa m'dziko limene akalulu akwatira ana a mafumu, ndipo palibe mwana adzuka m'mawa kukafuna kalulu wotero kuthengo. Nkhani ya mphungu siibwera ndi "Padangokhala." Ibwera itabvala malaya a maphunziro, ndi zaka zace ndi masiku ace, ndipo inenedwa pamalo pomwepo pamene tinenera za kuuka kwa akufa, ndi liu lomwelo. Womva alibe cizindikiro comuuza kuti ici ndi coseketsa mtima, ici ndi cimene makolo athu m'cikhulupiriro anacifera. Tsiku limene adzapeza kuti cimodzi ncopeka, adzafunsa monga anafunsa mnyamata wanga uja.

Ndiponso, ngakhale mbalameyo ikanacitadi zonsezo, phunziro lace lopotoka. Mphungu ya mlaliki idzipulumutsa yokha, pa yokha, ndi mphamvu ya khosi lace. Koma tsegulani Salmo la 103 ndi Yesaya 40, pamene mphungu ichulidwa pa nkhani ya kukhalanso watsopano, nimuone mwini nchito ndani. M'malo onse awiri wopatsa mphamvu ndiye Mulungu, ndipo munthu ndiye wolandira ndi wolindira. Palibe thanthwe, palibe kuthyola, palibe masiku 150. Mkazi wamasiye amene anakhala pamphasa tsiku lija sanasowe womuuza kuti adzithyole yekha. Anali atathyoka kale.

Pano ndipatuke pang'ono. Odziwa Cihebri ati liu limene Buku lathu lilimasulira mphungu kapena ciombankhanga, kawirikawiri linena mtundu wina wa muimba; ndipo cifukwa cace mneneri Mika, pa mutu woyamba, afanizira dazi la olira maliro ndi mbalameyo, pakuti muimba ndiye wa mutu wosamera nthenga. Ndidziwa kuti alaliki sadzakondwera kuuza anthu kuti adzauluka monga miimba. Koma amene anaona muimba ulikukwera kumwamba masana, osakupiza mapiko, wongonyamulidwa ndi mpweya wotentha wocokera pansi kufikira usowa m'maso, adzabvomera kuti fanizo la munthu wonyamulidwa ndi mphamvu yosakhala yace likoma koposa pamenepo. Ana athu ambiri sanauonepo muimba. Ku nkhalango ya Liwonde inali itasowa zaka zambiri, ndipo inabwereranso zitabwezedwako zirombo zodya nyama m'zaka za 2017 ndi 2018.

Malembo eni ace akatenga phunziro kwa nyama, acita mwa njira yina. Ambuye analoza mbalame za m'munda, thadzi lofungatira anapiye, nkhandwe ndi mauna ao; zonse zinali zinthu zimene omvera ace anaziona m'mawa momwemo, ndipo mwana ali yense akanakhoza kumtsutsa akanalakwa. Buku la Miyambo litumiza waulesi kwa nyerere, cifukwa ikundika cakudya nthawi ya masika. Ophunzira ena a ku Ulaya anakaikira zimenezi zaka zambiri, popeza nyerere za kumpoto kwao sizisunga mbeu. Ena anati wolembayo anaona nyerere zitanyamula ana ao oyera, nayesa kuti ndi tirigu. Koma m'caka ca 1873 Mngelezi wina wodwala, dzina lace J. T. Moggridge, amene anakhala ku Menton kumwera kwa France cifukwa ca matenda ace, anasindikiza buku la zimene anaona pofukula nyumba za nyerere za kumeneko. Anapeza nkhokwe zenizeni, zodzala ndi mbeu za maudzu. Nyerere za mtundu womwewo ziriko ku dziko la Israyeli. Wolemba Miyambo sanapeke. Anagwada pansi nayang'ana.

Pa mutu wa 30 achula dzombe, kuti liyenda m'magulu lopanda mfumu. Agogo athu sanasowe wowamasulira zimenezo. Kuyambira 1930 kufikira 1944 dzombe lofiira, loswedwa m'madambo a ku Mweru wa Ntipa ndi ku Rukwa, linaphimba maiko ambiri a kuno kumwera, ndi lathu lomwe, kotero kuti m'caka ca 1949 maboma anakhazika bungwe lolilondera ku Abercorn, kumene lero tikuti Mbala. Ndipo m'caka ca 1921 katswiri wina, Boris Uvarov, anaonetsa kuti dzombe siliri mtundu wapadera iai, koma ciwala camanyazi cokhala pa cokha, cimene cisandulika maonekedwe ndi makhalidwe cikapanikizana ndi zinzace. Palibe wozilamula, ciri conse cingotsata coyandikana naco. Mlaliki wofuna phunziro la umo anthu ofatsa asandukira gulu loononga, monga tiona pamene mudzi wonse uthamangira nkhalamba ndi miyala pa mbiri ya ufiti, sayenera kupeka kanthu. Ciwala camlembera kale.

Tsono ndinene za mlaliki mmodzi amene anayesa njira imeneyi m'dziko lathu lino. Henry Drummond anali mphunzitsi wa za cilengedwe pa sukulu ya ubusa ku Glasgow, ndiponso mlaliki womveka. M'caka ca 1883 anasindikiza buku lonena kuti malamulo a cilengedwe ndi malamulo a moyo wauzimu ndi amodzi, ndipo linagulidwa kwambiri. Caka comweco anakwera mtsinje wa Shire, nafika ku Blantyre, naoloka nyanja kunka kumpoto. Ndipo za ulendowo analemba buku lina m'caka ca 1888, lochedwa Tropical Africa. M'menemo asimba kuti tsiku lina ataima m'udzu wouma, mmodzi wa amtengatenga ace anapfuula kuti pali cirombo, nalozera kaudzu kamene kanagwera pa malaya ace. Mzunguyo anakatola, nakatembenuza uku ndi uku, osaona kanthu koma udzu. Munthuyo anaumirira; ndipo potsiriza mphunzitsi wamkuru uja anazindikira kuti kanali kamoyo, ka mutu ndi miyendo, kodzifanizira ndi udzu kuti mbalame zisakadye. Ndikonda nkhani imeneyi koposa zonse za m'bukumo, ngakhale kuti m'malo ena wolembayo anena za makolo athu monga ngati ana. Pa tsiku limenelo wophunzitsa anali wosenza katundu, ndipo Drummond anali ndi ulemu wakubvomera.

Anayang'anitsitsanso ciswe, cimene mlendo ali yense acitemberera cifukwa ca mitengo ya nyumba yace. Charles Darwin anali atalemba m'caka ca 1881 kuti ku England nyongolotsi ndizo zitembenuza nthaka. Drummond anati kuno nchito imeneyo igwiridwa ndi ciswe, cimene cikweza dothi la pansi ndi kucotsa mitengo yakufa. Mlimi wa ku Ncheu amene abzala maungu pa culu sanalindire buku kuti adziwe zimenezo, koma nkwabwino kuti mlendo anaziona nazilemba. Pa kuyang'ana, Drummond ndimyamika. Pamene ndisiyana naye ndi pa ciphunzitso cace cija, cakuti lamulo la nyama ndi lamulo la mzimu ndi limodzi. Akanati zifanana, ndikanabvomera. Koma ponena kuti ndi limodzi, anadzimanga kuti colengedwa ciri conse cikhale ndi ulaliki wace, ndipo pamene ulaliki sunaoneke anauumiriza. Nkhanu ina ya m'nyanja yamcere, imene ikhala m'cigoba ca nkhono yakufa, anaisandutsa citsanzo ca Mkristu waulesi wobisala m'cipembedzo. Koma nkhanuyo siiri yaulesi, ndipo siinacimwe. Icita cimene inalengedwera.

Kuti muone kubvuta kwace kwa ciphunzitso cimeneci, taganizani za nsadzu. Ofula uci onse aidziwa mbalame imeneyi, imene ilira patsogolo pa munthu, niuluka mtengo ndi mtengo kufikira yamfikitsa pa njuci. Munthu atenga uci, mbalame idya phula. Wansembe wina wa Cipwitikizi, João dos Santos, amene anakhala ku Sofala, analemba m'buku lace la 1609 kuti kambalame kena kankalowa m'nyumba ya mapemphero kudzajompha phula la makandulo a pa guwa. M'caka ca 2016 mai wina wophunzira za mbalame, Claire Spottiswoode, ndi anzace, anasindikiza zimene anapeza poyenda ndi Ayao ofula uci ku Niassa m'dziko la Mozambique. Alenjewo ali ndi kaitanidwe kao kamene analandira kwa atate ao. Pamene panamveka mau wamba, nsadzu inabwera kudzatsogolera maulendo 33 mwa 100. Pamene panamveka kaitanidweko, maulendo 66 mwa 100. Ndipo mwai wopeza njuci unakula katatu. Mbalame ya kuthengo, yosawetedwa ndi munthu, imva kuitana kwa munthu niyankha. Ha! ulaliki wokoma bwanji uwu: mtsogoleri wokhulupirika, womva kuitana, wofikitsa ku zotsekemera. Ndinaumvapo, ndipo ndisabise, ndinauphunzitsapo ndekha.

Koma nsadzu yomweyo simanga cisa. Iikira dzira lace m'una kapena m'mphako ya mbalame yina, ndipo kawirikawiri iboola mazira a mwini nyumba. Mwana wace aswedwa wakhungu ndi wopanda nthenga, koma ali ndi timbedza takuthwa kunsonga ya mlomo. Ndi timeneti aluma ana a mwini nyumba mumdima kufikira afa, kuti cakudya conse cikhale cace. Mai yemweyo anajambula zimenezi kufupi ndi Choma m'dziko la Zambia. Nanga tsono tilalike citi? Tikanena za uci ndi kubisa za timbedza, tasankha mboni imene itikomera ndi kutsekera ina m'nyumba. Tikanena zonse, mtsogoleri wathu wokhulupirika anayamba moyo wace ndi kupha.

Ngakhale mphungu yomwe siipulumuka. Kuli mphungu yakuda ya m'mapiri a matanthwe, imene cakudya cace cacikuru ndi mbira. Sindinena mbira zoweta zija, koma za m'miyala, zimene Miyambo ndi Salmo la 104 zizichula. Ku mapiri a Matobo m'dziko la Zimbabwe anayamba kuzilondera mphunguzi m'caka ca 1964, ndipo mai Valerie Gargett anatha zaka zambiri pa nchitoyo. Mphungu imeneyi iikira mazira awiri, koma pafupifupi nthawi zonse ilera mwana mmodzi, pakuti woyamba kuswedwa ajompha mng'ono wace kufikira afa, amace ali pomwepo osaletsa. Ophunzira a za mbalame anafuna dzina la khalidwe limeneli, ndipo analitenga m'Buku lathu: analicha ndi dzina la Kaini. Sindinamvepo mlaliki wa mphungu alikufika pamenepa.

Buku la Yobu ndilo lindithandiza ndikafika pa zotere. Yobu anataya ana ndi cuma, nafunsa cifukwa cace. Abwenzi ace anamdzera ndi maphunziro okonzeka bwino, ndipo potsiriza Mulungu anawadzudzula. Koma poyankha Yobu, pa mitu ya 38 ndi 39, Mulungu amuonetsa nyama, ndipo palibe ngakhale imodzi imene amuuza kuti aitsanze. Amuonetsa nthiwatiwa yosiya mazira ace padothi, yomanidwa nzeru, koma yothamanga koposa kavalo. Amuonetsa njati yosalola goli, mvula yogwa kumene kulibe munthu wolima, ndi mphungu imene ana ace amwa mwazi. Zonsezi ziri ndi moyo wao umene suzungulira munthu, ndipo Mwini wace akondwera nazo ngakhale sizitiphunzitsa ulemu kapena khama. Ife aphunzitsi ndi alaliki tiri ndi nthenda imodzi: sitikhoza kuona kanthu osakasandutsa phunziro. Tiona nyerere, tisanaiyang'ane tayamba kale kudzudzula alesi. Tiona kadzidzi, ndipo pakuti tinamlembera kale ulaliki wa imfa ndi ufiti, timponya miyala, osawerengera makoswe amene atipulumutsako ku nkhokwe usiku uli wonse. Yobu sanapatsidwe phunziro. Anapatsidwa maso, ndipo anagwira pakamwa.

Cotero cimene ndipempha kwa akuru a mipingo, kwa otsogolera mapemphero a m'midzi ndi kwa aphunzitsi anzanga si kuti aleke kunena za nyama. Anthu athu akhala pakati pa zolengedwa, ndipo fanizo la nkhuku liwafika msanga koposa mau atali a m'mabuku. Koma musanaimirire nayo nkhani ya nyama imene simunaione, kafunseni mlenje, kafunseni wofula uci, kafunseni mai woweta nkhuku. Iwo akapukusa mutu, isiyeni. Ndipo ngati muikonda kwambiri kotero kuti simungathe kuisiya, yambani ndi "Padangokhala," kuti ana adziwe.

Mnyamata wanga uja ndinamuyankha motere. Ndinatsegula naye Salmo la 103 ndi Yesaya 40, ndi kumuuza kuti awerenge yekha, afune thanthwe ndi masiku 150. Sanazipeze. Ndinamuuzanso kuti mlaliki uja sananame mwadala, koma anakhulupirira cimene anamva, monga ndinacitira ine ndi nsadzu. Ndi kuti akuru ace a ku sekondale anacita bwino kufufuza. Ngati anakhuta nalo yankholo sindinganene, pakuti anangoti "Zikomo, aphunzitsi," naturuka.

Loweruka lapitali ndinatenga ana khumi ndi awiri, iye ali pomwepo, kunka ku matanthwe a kuseri kwa mudzi, kumene kwatsala mbira zowerengeka. Mkuru uja wa ku maliro anatiperekeza ndi ndodo yace. Lamulo linali limodzi: kukhala cete, ndi kulemba cokhaco cimene maso aona. Tinalindira nthawi yaitali, ana alikuyabwidwa ndi kukhala. Dzuwa litafunda zinaturuka zisanu, nizigona pamwala mothithikana; imodzi yaikuru inakhala pa yokha pamwamba, irikuyang'ana kumwamba. Mkuruyo anawaonetsa ana mizere yoyera pathanthwe, nati ndiyo mikodzo ya mbira ya zaka zambiri, ndipo mlenje adziwira pamenepo kuti phiri liri ndi eni ace. Khwangwala anadutsa, yaikuru ija inalira kamodzi, ndipo mwala unatsala wokha. Mphungu sitinaione.

Pobwerera mnyamatayo anandionetsa pepala lace. Analembapo mizere inai: kucuruka kwa mbira, maonekedwe a mapazi ao, kulira kuja, ndi nthawi imene zinatenga kuti ziturukenso. Pansi pace anasiya malo, nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga phunziro lace tilembe ciani?" Ndinamuuza kuti asiye malowo momwemo, tidzabweranso Loweruka linalo.